Njuchi zanga ndinaziyambira pa shelefu ya nambala 638

Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno ku Dedza. Kwa zaka zambiri Loweruka langa linkathera pa zochapa ndi kuchonga makope, koma ana atakula n'kuchoka pakhomo ndinayamba kuona kuti tsikuli ndi lalitali. Anzanga ena analowa kwaya, ena anayamba geni ya kaunjika. Ine mtima unkafuna chogwira ndi manja, cha panja, chimene sichingandimange tsiku lililonse. Lero ndimaweta njuchi kumunda kwathu cha ku Bembeke, ndipo anthu akandifunsa kumene ndinaphunzira, ndikati ku laibulale, amayamba aseka kaye.

Njuchi sizinali zachilendo pamtundu pathu. Amalume anga akhala akupachika ming'oma ya makungwa m'mitengo kuyambira ine ndisanabadwe. Amafula usiku ndi muuni wa udzu, ndipo uchi wawo umabwera wonunkha utsi, wosakanikirana ndi ana a njuchi. Nditawauza kuti ndikufuna kuphunzira anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Aphunzitsi, mukwera bwanji mumtengo ndi chitenje? Zisiyeni izi, mudzingobwera kudzadya.”

Sanalankhule mwachipongwe. Njira imene iwo amaidziwa imafunadi munthu wokwera mumtengo mumdima njuchi zikumuluma, ndipo njira ina sankaidziwa.

Ku laibulale ndinkapitako kale, koma kukafuna mapepala a mayeso akale a ana anga a Sitandade 8. Ambirife timaitenga ngati malo a ana a MSCE amene kwawo kulibe magetsi kapena kuli phokoso. Tsiku lina nditamaliza za mayesozo ndinafunsa bambo amene amayang'anira mabuku ngati pali chilichonse chokhudza njuchi. Ndinafunsa motsitsa mawu, poopa kuti ana a sukulu amene anali pamatebulo andimva. Bamboyo sanadabwe n'komwe.

“Madamu, za ulimi zonse zili pa 630. Njuchi muzipeza pa 638. Tiyeni ndikulozereni.”

Kagawidwe ka manambalaka n'kothandiza kukadziwa, chifukwa malaibulale ambiri amatsata komweko. Buku lililonse lili ndi nambala pamsana, ndipo nambalayo imanena mutu wa nkhani. Za dimba zili pa 635, ziweto pa 636, zophikaphika pa 641. Wofuna kuluka majuzi, omwe kuno kozizira sasowa owavala, apite pa 746. Woumba mbiya pa 738, wa chess pa 794, wokonda mbalame pa 598. Ukangodziwa nambala yako sufunikanso kudikira munthu, umangopita pashelefu n'kuyamba kusanthula. Kuti ndizitha kutenga mabuku kupita nawo kunyumba ndinalembetsa: chitupa cha unzika, fomu imodzi ndi kandalama kochepa.

Pashelefupo panali mabuku ochepa a njuchi, ndipo ndinatenga awiri. Lina linali lonenepa, la zithunzi zokongola, losindikizidwa ku Britain. Mabuku ambiri a m'malaibulale athu amabwera ngati mphatso kuchokera kumeneko, kudzera ku mabungwe monga Book Aid International. Linalo linali kabuku kopyapyala, ka zojambula pamanja, kolembera alimi a mu Africa muno.

Apa ndi pamene ndikufuna kuti ondiwerenga amvetsetse. Musanakhulupirire buku, tsegulani tsamba lachiwiri muone kumene linasindikizidwa ndi chaka chake. Buku la ku Britain lija limati njuchi zimagwira ntchito kwambiri mu Juni ndi Julaye, miyezi imene kuno timakhala tikuwotha moto m'mawa, phiri la Dedza litabisika mu nkhungu. Limataya masamba ambiri kufotokoza m'mene ungasungire njuchi kuti zisafe ndi chipale chofewa. Ming'oma yake ndi ya mabokosi osanjikiza, yofuna mafulemu, mawaya ndi makina opukusira uchi. Ndipo njuchi zake ndi zofatsa, moti pachithunzi china munthu anagwira chisa ndi manja opanda kanthu. Njuchi zathu si zimenezo. Zathu zikapsa mtima zimatuluka gulu, zimakuthamangitsa mtunda, ndipo zikanyansidwa ndi malo zimasamuka zonse tsiku limodzi. Mavidiyo a pa YouTube ali ndi vuto lomweli, kungoti iwo alibe tsamba lachiwiri loti ukaonepo kuti ajambulidwa kuti.

Komabe bukulo sindinalibweze msanga, chifukwa ndi limene linandiphunzitsa m'kati mwa mng'oma. Mumakhala mfumukazi imodzi, ntchito yake kuikira mazira basi, ndipo nyengo ikakhala yabwino imaikira oposa 1,000 pa tsiku. Dzira limatenga pafupifupi masabata atatu kuti likhale njuchi yantchito. Njuchi zonse zimene timaziona pamaluwa, zotunga madzi, zolondera pakhomo, zoluma, ndi zazikazi. Zazimuna zilibe mbola, sizigwira ntchito, ndipo chakudya chikachepa zimapirikitsidwa. Mfundo imeneyi ndinakaipereka kwa amalume mwaulemu wonse, ndipo azakhali anaseka mpaka kugwetsa lichero.

Linandiphunzitsanso chinthu chimene mng'oma uliwonse wamakono waimapo. Mu 1851 m'busa wina wa ku America, Lorenzo Langstroth, anazindikira kuti njuchi zimasiya mpata wofanana pakati pa zisa zawo, woti zizidutsamo, wa mamilimita apakati pa 6 ndi 9. Mpata ukachepera apo zimaumata ndi utomoni, ukakula zimamangamo chisa china. Choncho ukazipatsa malo oyezedwa bwino, zimamanga zisa zoti ungathe kutulutsa chimodzichimodzi, kuona, n'kubwezera osaphwanya kanthu.

Kabuku kopyapyala kaja ndiye kanandipatsa mng'oma woti ndingaukwanitse. Amautcha Kenya top bar hive, chifukwa unayamba kugwiritsidwa ntchito ku Kenya m'zaka za m'ma 1970. Ndi bokosi lalitali pafupifupi mita imodzi, lotambalala kumwamba, lopanikiza kumunsi. Pamwamba pake pamayalidwa timatabwa togundana, ndipo njuchi zimamanga chisa chimodzi pansi pa kathabwa kalikonse. Mbali zake amazipendeketsa kuti zisa zisamamatirire kukhoma. Sufuna kukwera mumtengo: umaupachika ndi waya pakati pa mitengo iwiri, msinkhu wa m'chiuno. Ndipo sumafuna kusenda khungwa la mtengo wamoyo, zimene zimaumitsa mtengo womwewo umene njuchi zikanadyapo maluwa.

Chojambula chake ndinachikopera m'kope ndi pensulo, muyeso uliwonse, n'kupita nacho kwa kalipentala wa pafupi ndi msika. Matabwa a paini kuno si osowa. Atachiyang'ana anati, “Mayi, ichi chikukhala ngati bokosi la maliro a mwana. Mukufuna chiyani kwenikweni?” Nditamufotokozera anavomera, koma tinakanganirana pa timatabwa ta pamwamba. Kabukuko kanalemba kuti kathabwa kalikonse kakhale mamilimita 32 m'lifupi, osaposa, osachepera. Iye amati mamilimita awiri kapena atatu alibe kanthu, njuchi sizinapite kusukulu. Buku la ku Britain limati 35, koma chifukwa chake n'choti njuchi za ku Ulaya ndi zokulirapo. Zathu zimamanga zisa motalikirana mamilimita 32 kuchokera pakati pa chisa china kufika pakati pa chinzake. Timatabwa tikakula, kusiyanako kumawonjezekera pa kathabwa kalikonse, ndipo pofika pa kachisanu kapena kachisanu ndi chimodzi chisa chimakhala chagwira timatabwa tiwiri. Ukati unyamule kamodzi, zisa zimang'ambika, uchi kutayikira m'kati, njuchi kulusa. Ndinatulutsa rula ya kusukulu n'kuyeza kamodzikamodzi iye akupala. Timene tinaposa ndinamubwezera. Anang'ung'udza kuti aphunzitsi ndi anthu ovuta, koma pano akabwera wina wofuna mng'oma, rula amatulutsa yekha.

Bokosi lenilenilo likhoza kukhala la matabwa otsala, ena amapanga ndi nsungwi n'kumata ndi dothi. Malinga lisakhale ndi ming'alu yolowera nyerere ndi mvula. Pamene simuyenera kuchita ulesi ndi pa timatabwato.

Njuchi sitigula, timakopa. Pakati pa kathabwa kalikonse, kunsi kwake, timathira mzere wa phula losungunula, kuti fungo liziitane komanso kuti zidziwe poyambira kumanga. Phula loyamba anandipatsa ndi amalume, limene iwo ankangotaya akafinya uchi. M'kati mwa bokosi ndinatikitamo udzu wonunkhira ngati ndimu uja timathira mu tiyi. Malo ndinasankha motsata kabuku: pamthunzi, kutali ndi njira ya anthu ndi makola a mbuzi, pafupi ndi madzi, khomo la mng'oma lisayang'ane kumene kumachokera mphepo. Mawaya ndinawapaka girisi kuti linthumbu lisadutse, ndipo udzu wa pansi pake ndimaulambula, chifukwa ka udzu kamodzi kokhudza bokosi n'kokwanira kuti nyerere zikwererepo. Kupachika ndi waya kumathandizanso kwa chiuli, chifukwa mng'oma ukamagwedezeka chimasowa pogwira.

Funso loti ndipachike liti, mabuku onse awiri analibe yankho la ku Bembeke. Yankho linali ndi amalume. Iwo sawerenga miyezi, amawerenga mitengo. Anati ndidikire mapichesi achite maluwa, mitengo ya tsamba ndi mombo iphuke masamba ofiira aja, chisanu chikamatha cha mu Ogasiti ndi Sepitembala, pamenepo magulu a njuchi amayamba kuyendayenda kufuna malo. Anandiuzanso kuti uchi wambiri umapezeka mvula yoyamba ili pafupi, ndi winanso mvula itatha, anthu akukolola chimanga. Zimenezi ndinazilemba kumapeto kwa kope lomwe lija, ndipo ndi masamba amene ndimawatsegula kawirikawiri kuposa ena onse.

Mng'oma unakhala wopanda kanthu kwa nthawi ndithu. Munalowa abuluzi, kenako mavu, ndipo ndinkachotsa n'kupakanso phula. Amene akuyamba adziwe kuti zimenezi zimachitika, ndipo n'chifukwa chake kuli bwino kuyamba ndi ming'oma iwiri osati umodzi. Njuchi zitalowa, anandiuza ndi mwana wa achemwali anga pa foni, akupuma mwabefu ngati waona ngozi.

Zovala ndinasonkhanitsa pang'onopang'ono. Ovolosi yoyera ya pa kaunjika, chifukwa njuchi zimalusira zakuda. Majombo, magolovesi a labala, ndi chipewa cha mlaza chimene telala anachisokerera sefa wa pawindo kuzungulira, kumunsi n'kuika nsalu yolowetsa m'khosi mwa ovolosi. Musagwiritse ntchito neti ya udzudzu: ili ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo ntchito yake ndi kuteteza ana ku malungo. Chofukizira utsi anandikhomera ndi bambo wokhoma zidebe, atatengera chithunzi cha m'buku. Ndimaikamo zitsononkho kapena ndowe zouma za ng'ombe. Utsi wake uzikhala woyera, wozizira, woti ukaupopera padzanja sukutentha.

Kutsegula mng'oma ndimachita madzulo dzuwa litapendeka, ana a anthu atalowa m'nyumba. Ndimaima kumbuyo, osati pakhomo pawo. Ndimapopera utsi pang'ono pakhomo, n'kudikira. Kenako ndimagogoda timatabwa ndi mpeni kuyambira kumbuyo: pamene palibe chisa pamalira mopanda kanthu, pamene pali chisa pamalira mogonthera. Ndimayambira kopanda kanthuko. Chisa choyamba chimene ndinatulutsa chinali chatsopano, choyera, chofewa moti chala chikanangolowa, njuchi zili yakaliyakali pamwamba pake osandilabadira. Chisa chotere uchigwire choimirira monga chinalili m'bokosi. Ukangochipendeketsa chimathyokera pakathabwa. Chapafupi ndi khomo zisa zimakhala zoderako, ndipo m'timaenje mwake mumaoneka ana oyera atadzipinda, ena atatsekeredwa ndi phula lofiirira. Zimenezo sitikhudza. Uchi umakhala chakumbuyo.

Kulumidwa kulipo, ndipo asakunamizeni. Njuchi ikaluma imasiya mbola ili ndi kathumba kamene kamapitiriza kupopa ululu, choncho ichotseni msanga pokanda ndi chikhadabo. Pamalopo popereranipo utsi, chifukwa mbolayo imatulutsa fungo loitana zinzake. Kutupa pamalo olumidwa n'kwa aliyense. Koma munthu akayamba kutupa nkhope ndi kukhosi, kubanika, kapena kuchita chizungulire, musadikire kuti muone, thamangirani naye kuchipatala. Amene thupi lake limatero asawete njuchi. Ndipo musamapite nokha ku ming'oma. Ine amandiperekeza ndi bambo a kunyumba, amene amaima patali ndithu atagwira tochi, n'kumalangiza mokweza.

Pokolola timatenga zisa zokhazo zimene njuchi zamata ndi phula loyera, pafupifupi chisa chonse. Kumata kumeneko ndi chizindikiro choti uchi wapsa, madzi achepa. Uchi wokhala ndi madzi oposa 20 peresenti umasasa m'botolo. Njuchi ndimazisesa ndi nthenga ya nkhuku, chisa n'kuchidulira mu ndowa ya chivundikiro, kusiya kachidutswa ka chala chimodzi pakathabwa kuti zidzayambirepo. Sinditenga zonse. Ukazilanda chakudya chonse chisanu chili kutsogolo, zimasamuka. Kunyumba ndimaphwanya zisazo ndi mthiko n'kuzisiya zikhe zokha pansalu yoyera usiku wonse, m'chipinda chotseka bwino. Osawiritsa pamoto. Uchi wowiritsa umada ndipo fungo la maluwa limatha.

Kuzizira kwa kuno kumachititsa kuti uchi ugwirane m'botolo n'kuoneka ngati muli mchenga. Mnzanga wina kusukulu anandibwezera botolo, amvekere mwathiramo shuga. Uchi weniweni umatero ndithu, ndipo ukaimika botololo m'madzi ofunda umasungunuka. Chinanso chimene ndinawerenga ndipo ndimauza mayi aliyense amene ndamupatsa: mwana wosakwana chaka asalawe uchi, ngakhale kadontho kothira m'phala, chifukwa mungakhale tizilombo timene m'mimba mwa khanda simungalimbane nato.

Zotsalira pansalu zija si zotaya. Ndimaziika m'madzi otentha mu poto wa aluminiyamu, kusefa ndi chiguduli, n'kusiya zizizire. M'mawa phula limakhala layandama pamwamba, lachikasu, lolimba. Poto wachitsulo amalidetsa, ndipo osalisiya pamoto lokha chifukwa limayaka. Ndi limene ndimakopera njuchi m'ming'oma yatsopano, lotsala ndimapangira makandulo. Kapangidwe kake ndinakakapeza ku laibulale yaikulu ya National Library Service ku City Centre ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85 kuchokera kuno, tsiku limene ndinapitira zina. Kumeneko shelefu ya 638 ndi yotalikirapo.

Bambo wa ku laibulale uja anandithandizanso mwa njira ina imene sindinaiyembekezere. Ataona kuti ndikubwereka mabuku omwewo mobwerezabwereza anandiuza kuti ndikaonane ndi alangizi a za nkhalango, ndipo anandikumbutsa kuti sukulu ya Malawi College of Forestry and Wildlife ili konkuno ku Chongoni, kutanthauza kuti anthu odziwa za mitengo ndi njuchi sali patali. Anandilumikizanso ndi bambo wina wopuma pantchito amene ankabwereka mabuku omwewo. Woyang'anira mabuku amadziwa amene akuwerenga chiyani m'tauni yonse. Muuzeni chimene mukufuna kuphunzira, osangoti mukufuna buku.

Chimene chimandidandaulitsa n'choti zonsezi ndinaziwerenga m'Chingerezi. Amalume, amene njuchi amazidziwa kuposa ine, sangatsegule kabuku kaja. Azimayi a m'mudzi mwathu amene ayamba kufunsa za ming'oma ya m'chiuno sangakawerenge. Pakadali pano kope langa la pensulo lija ndi limene likuyenda m'manja mwa anthu, ndipo layamba kuthothoka.

Vuto limene ndikulimbana nalo pano ndi mankhwala. Dera lathu ndi la kachewere, tomato ndi kabichi, zimene zimadzaza misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 mpaka ku Lizulu, ndipo mbewu zimenezi zimapoperedwa kawirikawiri. Njuchi imauluka makilomita atatu kufuna maluwa, choncho mpanda sungaitchinge. Tsiku lina ndinapeza mulu wa njuchi zakufa pansi pa khomo la mng'oma, zina zikuzungulira pansi malilime ali panja. Mabuku amati mlimi apopere madzulo njuchi zitabwerera, asapopere mbewu kapena udzu uli pa maluwa, ndiponso asatsukire sipuleya pamadzi pamene njuchi zimamwa. Ndinayenda m'madimba oyandikana nawo ndi timabotolo ta uchi m'chikwama.

“Achimwene, sindikuti musiye kupopera. Ndikungopempha kuti muzipopera dzuwa likamalowa.”

Amene amalimanso maungu ndi nyemba anamva msanga nditawauza kuti maungu sabereka bwino popanda njuchi zonyamula mungu. A kachewere yekha anandiyankha kuti mbatata imabereka pansi, njuchi sizikuwakhudza, ndipo madzulo aganyu amakhala ataweruka. Pamenepo ndinalibe chowayankha. Ming'oma imene ili kufupi ndi madimba ndiisamutsira kumtunda, kumunda kwa amalume kumene kwatsala mitengo yachilengedwe. Kusamutsa kumachitika usiku, khomo litatsekedwa ndi sefa, ndipo malo atsopano ayenera kutalikira makilomita oposa atatu, apo ayi njuchi zimabwerera pamalo akale. Ndikudikira kaye ndikolole, ming'oma ipepuke.